Kamera pa Boti la Anthu Awiri

Lolemba, 5 Meyi

Namwino wabwera ndi mlandu. Mwana wanga yemweyu, amene ndinkamupukuta mamina, lero wandikhazika pansi m'nyumba mwanga momwe. Nkhani yake boti. Akuti ndisiye zopita kudamu ndekha, boti ligulitsidwe.

Umboni wake: ketulo imene ndinaiwala pamoto mpaka kubooka. Tsiku lija ndinatsika basi pamalo olakwika. Basi zomwezo. Ngati iye sanaiwalepo kanthu chibadwire.

Ndinapsa mtima. Boti ndinawotcherera ndekha, chitsulo ndi chitsulo, iye asanamere mano. Ndinamuuza kuti pamtunda mwina ndakalamba, koma pamadzi mutu wanga umagwira kuposa wake. Anangoti, “Ababa, pamadzipo amakuonani ndani?”

Ndiye tapangana. Ndigula kakamera kaja amavala anthu othamanga panjinga. Ndijambula maulendo awiri, osadula kalikonse. Pa 17 adzaonera yekha. Zikakhala bwino, atseke pakamwa. Akapeza cholakwika, boti lipite. Jekete yoyandamitsa ndisavule ngakhale mphindi imodzi, ilo ndi lamulo lake. Tagwirana chanza ngati anthu achilendo.

Boti likapita ine nditsala ndi chiyani? Mpando ndi zenera.

Lachitatu, 7 Meyi

Kushopu ya zamagetsi. Mayi wogulitsa, wa magalasi pamphumi, anatulutsa makamera atatu.

Yoyamba ya masikirini awiri, akuti umaiuza ndi pakamwa kuti iyambe kujambula. Ndakana. Sindifuna chinthu chondimvetsera. Mtengo wakenso ndinachita kufuna pokhala.

Yachiwiri yotchipa, koma imafuna kabokosi ka pulasitiki kuti isalowe madzi, ndipo ikakhala m'kabokosimo mawu samveka. Namwino adzati ndabisa dala.

Ndatenga yachitatu, ya mtengo wapakati. Kukula ngati bokosi la machesi. Siopa madzi, batani lalikulu limodzi pamwamba, zala zanga zokhakhalazi zikutha kulipeza. Batire limatha pa ola limodzi ndi theka, ndiye ndawonjezera awiri. Kakhadi kosungira mavidiyo, kochepa ngati chikhadabo. Kachinkhupule kofiira komata kumbuyo, kuti ikagwera m'madzi iyandame.

Ndimafuna lamba wa pamutu. Mayiyo anaseka. Akuti msodzi amayang'ana uku ndi uku ngati nkhuku, woonera amachita chizungulire. “Pachifuwa, bambo. Imaona manja ndi nsomba, zina zonse imazisiya.”

Anandifunsa ngati ndimapita ndi mnzanga woti azindijambula. Ndinayankha kuti eya. Ndili kale m'basi m'pamene ndinadzifunsa kuti ndayankhiranji choncho.

Lachinayi, 8 Meyi

Tsiku lonse ndi kakamera. Kabuku ka malangizo zilembo ngati nyerere. Deti ndaika. Nthawi ndaika. Kulira kwa pi-pi ndathimitsa, kungathamangitse nsomba. Ndasankha kuti iziona motambalala.

Vuto: lamba sakwana pamwamba pa jekete. Ndimumanga mkati, jekete pamwamba, zipi yotsegula pachifuwa. Zatheka.

Ndayeserera kukhitchini. Vidiyo ya mphindi zitatu: ketulo yatsopano, sinki, manja. Manjawo ndiwo andidabwitsa. Mitsempha, mawanga, kunjenjemera pang'ono ponyamula kapu. Ndimawaona tsiku lililonse, koma pasikirini ndi a nkhalamba ina yake.

Alamu akanakhalapo akanaseka mpaka kutsokomola. Mchimwene wa malemu mkazi wanga. Zaka 31 boti limodzi, ine thabwa lakutsogolo ndi nkhafi, iwo thabwa lakumbuyo ndi pakamwa. Kupalasa ayi, kusambira ayi, koma kulamula! Zaka ziwiri tsopano chiwaikire m'manda. Anafera pabedi kuchipatala, madzi sanawakhudze.

Nyongolotsi ndakumba, zili m'chitini.

Loweruka, 10 Meyi

Ulendo woyamba. Nkhungu mpaka 8 koloko, kenako dzuwa. Madzi bata. Nsomba zinayi, imodzi yaikulu ndithu. Cholakwa chimodzi chokha: ndinakumbukira kudina batani nditafika kale pakati. Zazing'ono. Ndabwerako wosangalala, jekete ili pathupi.

Masana ndaika kakhadi mu kompyuta yakale ya Namwino. Chithunzi chokongola, sindinama. Chingwe chikulowa m'madzi, manja akumanga mbedza bwinobwino. Ndimati aone ameneyo.

Mphindi ya 38. Dzanja lamanja likutenga chitini cha nyongolotsi. Likupita kumbuyo, kumene kamera siona. Mawu anga: “Landirani.” Dzanja likubwerera lopanda kanthu.

Chitini sichinamveke kugwa.

Kenako zii. Kenako ine kuseka, kuseka kwenikweni, kwa munthu amene wauzidwa nthabwala. Ziinso. “Bodza limenelo,” mawu anga omwe. Mphindi ya 51, dzanja likupitanso kumbuyo n'kubwera ndi chitini.

Sindikukumbukira chilichonse mwa izi. Ndikukumbukira nkhungu, nsomba zinayi, tiyi. Ndatseka kompyuta, dzuwa lili phwee pazenera.

Lamlungu, 11 Meyi

Ndaonera kasanu ndi kamodzi. Ndakweza mawu mpaka pothera. Pamalo a zii paja pakungomveka madzi kumenya chitsulo ndi kupuma kwanga. Koma ndi zii wa munthu amene akumvetsera. Ndimamudziwa.

Ndayesa. Ndavala kamera, ndaponya chitini chomwecho kumbuyo kwanga pa beseni lachitsulo. Phokoso lake mu vidiyo ngati ngozi ya galimoto. Kakamera aka kamamva ngakhale kulira kwa m'mimba. Boti ndi lachitsulo. Chitini chikanagwa chikanamveka.

Ine zamizukwa sindikhulupirira. Zaka 40 ndikuwotcherera, chimene sindinachione ndi maso sindichiwerengera. Ndalemba zimenezi kuti ndiziwerenge.

Namwino anaimba foni. “Zayenda bwanji, Ababa?” Ndati nsomba zinayi. Si bodza.

Nsombazo zikadali mufiriji. Sindikuzifuna.

Lachiwiri, 13 Meyi

Mayi uja ananena zoona, ya pachifuwa imasiya zambiri. Ndikufuna ione kumbuyo.

Ndatulutsa makina owotcherera. Kachitsulo kotalika ngati mkono, chopanira pansi, kabawuti pamwamba pomangira kamera. Mzere wowotcherera wosalala ngati kale, manja sananjenjemere. Namwino akanaona zimenezi!

Masana ndapita kudamu kukamangirira kumphuno kwa boti, kamera kuyang'ana kumbuyo. Ndayesa: matabwa onse awiri akuoneka, ndi madzi mbali zonse. Ndamanganso kachingwe kuti ikasomphoka isapite.

Mlonda wa pamadoko anabwera kudzaonerera. Munthu wabwino, wokonda nkhani. Anati, “Loweruka munali ndi mlendo, achikulire? Munkhungu muja macheza amamveka mpaka kuno.” Ndati inali wailesi. Anayang'ana m'boti, momwe simunakhalepo wailesi, n'kuvomera ndi mutu.

Pochoka ndinapeza ndapukuta thabwa lakumbuyo ndi kansalu. Lakutsogolo ayi.

Lachinayi, 15 Meyi

Ulendo wachiwiri. Batani ndadina ndisanamasule tcheni, ndaonetsetsa kawiri. Kamphepo pang'ono. Ndinadziuza kuti lero pakamwa ndatseka, ndipo ndinatsekadi. Sindinalankhule. Sindinacheuke. Msana wonse kuzizira, koma sindinacheuke.

Nsomba ziwiri. M'boti munali madzi ofika m'kakolo, sindikudziwa alowera pati. Ndafufuza pobooka, palibe. Buluku lonyowa mpaka m'mawondo.

Kakhadi kali patebulo, pansi pa kapu. Lero ayi.

Lachisanu, 16 Meyi

Ndaonera. 10 koloko m'mawa, makatani onse otsegula.

Thabwa lakumbuyo palibe munthu. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza, palibe. Thabwa basi, ndi dzuwa.

Mphindi 19 zoyamba, mkulu wina wovala chipewa changa akupalasa, nkhope yolimba, milomo yotseka. Mphindi ya 20 akusiya nkhafi. Nkhope ikumasuka. Akucheuka, akumwetulira.

Akuvula jekete.

Akuimirira. M'boti, pakati pa damu, pamene chingwe cha nangula sichifika pansi. Boti likupendekeka, madzi akukhuthukira mkati, iye alibe nazo ntchito. Akuwerama, akukulunga jekete pathabwa lakumbuyo, akumanga malamba onse atatu, akukoka kuti aone ngati alimba. Akuisisita paphewa. “Inu ndinu mwala, Alamu. Valani.”

Ndi mmene tinkachitira. Jekete inali imodzi, yogula mkazi wanga, yogulira ine. Pamadoko ndinkavala ine kuti nkhani ikafika kunyumba ifike bwino. Tikafika pakati ndinkawaveka iwo. Zaka 31, palibe anadziwa.

Chitini chimagwera pajekete. N'chifukwa chake sichimveka. Nkhani yonse ndi imeneyo.

Ola lathunthu akucheza. Akuthira tiyi m'makapu awiri, ina akuiika pathabwa, ikutayika. Akuimiriranso kawiri. Kachiwiriko phazi likuterereka, akugwa ndi bondo, dzanja limodzi m'madzi mpaka m'phewa. Akuseka. Ndayang'ana bondo langa: chilonda chilipo, ndimayesa ndinadzigunda pabedi.

Pafupi ndi bango, pobwerera, akuyang'ana jekete ija nthawi yaitali ngati katundu wa eni. Akuimasula, akuvala. Nkhope ikulimbanso. Ameneyo ndiye ine amene ndikumukumbukira.

Ndikanakonda ukanakhala mzukwa. Mzukwa ndikanaupirira, ndikanaubisa, Namwino sakanaupeza. Ndili ndi mantha, ndipo amene ndikumuopa wavala malaya anga.

Chinanso. Chimwalirire Alamu sindinadzionepo wosangalala ngati mkulu wa mu vidiyoyo.

Kufufuta ndi kosavuta. Kabatani ka chithunzi cha bini, kenako eya. Ndingati kakhadi kanawonongeka, zamagetsi sizikhulupirika. Angandipatse maulendo ena awiri. Ndipo mkulu uja adzaimiriranso.

Chala chinafika pakabatani katatu.

Loweruka, 17 Meyi

Namwino akuti afika 11 koloko. Ndasesa, ndameta ndevu. Kakhadi kali m'thumba la malaya. Sindinafufute. Sindinasankhenso chochita.

Akubwera ndi mabisiketi, akuti tionere ngati kanema.

Lachinayi, 29 Meyi

Ndadzuka bwino. Kunja kowala, mphepo palibe, tsiku la nsomba. Nyongolotsi, fulasiki, kamera m'thumba. Jekete ndinaiwala pampando. Basi ya 7 koloko.

Pamadoko tcheni chili lende pamtengo. Boti palibe.

Ndinakuwa. Ndinamutchula mlonda wakuba, pamaso pa anthu. Sanakwiye. Anandikhazika pabenchi lake n'kunena motsitsa, “Achikulire, kano n'kachitatu. Munamasula nokha, mwana wanu alipo, galimoto inabwera. Onani pakamera panu.”

Pakamera pamatidwa kapepala, zolemba za Namwino: Ababa, dinani apa.

Vidiyo imodzi yokha, ya pa 17. Tebulo langa. Mkulu wometa bwino, malaya anga abuluu. Kumbuyo kwake Namwino, maso ofiira, mabisiketi osatsegula. Mkuluyo akuyang'ana mukamera ngati akundiona. “Iwe, tamvera. Boti tagulitsa. Kakhadi ndamupatsa ndekha, waonera zonse, ndavomera ndekha. Palibe wakubera. Mwanayu usamukalipire, walira mokwana. Bwerera kunyumba.”

Ndabwerera. Mlonda ndamupepesa, akuti ndinapepesa kale ulendo wathawu.

Ndatsegula bukuli. Pakati pa 17 ndi lero masamba oyera. Ndawerenga zam'mbuyozo, zolemba ndi zanga. Vidiyo ndaonera kanayi. Akulankhula zanzeru mkuluyo, sindikumutsutsa. Namwino ndimuimbira, ndimuuze kuti sindinakwiye.

Koma onse awiri palibe watchula za Alamu. Ndani wawauza? Munthu sadziwa kusambira, jekete ili pano pampando. Wogula botiyo sakudziwa kuti pakati pamafunika kuwaveka. Ndipeze nambala yake, ndimufotokozere kamangidwe ka malamba, lapakatilo limavuta, umayamba wakoka kenako...