Zaka Zinayi ku Bombay

Lolemba, 4 Juni 1956

Kalata yabwera. Anditenga. Zamalamulo, ku Bombay, zaka zinayi, ndipo sukulu adzandilipirira a ku India omwewo. Akufuna yankho mwezi uno usanathe.

Ndinakaiwerengera kuseri kwa fakitale, paja amaunjika nkhuni za bulugama, kuti makalaliki anzanga asandione nkhope. Ndinalembera chaka chatha mongoyesa, mkazi wanga Alesi asanaime. Pano mimba ili miyezi isanu. Ndafika kunyumba, ndasamba, ndamuyamikira ndiwo. Sindinamuuze.

Lachiwiri, 5 Juni

Chiperoni tsiku lonse. Sindinamuuzebe.

Lachinayi, 7 Juni

Ndinatsatira amalume a Fackson kumunda wa nambala 6, komwe akuyang'anira odulira tiyi. Ndinawauza za kalatayo. Anamvetsera atatsamira ndodo yawo ya ukapitawo, chisaka chili kumutu chifukwa cha mvula yowaza.

"Gideoni, ife tinabwera kuno wapansi kuchokera kwa Apwitikizi kuti mwana wathu mmodzi adzakhale pampando mu ofesi. Wakhalapo. Nyumba ya njerwa akupatsa. Ukufunanso chiyani?"

Ndinati ndikufuna kudziwa malamulo.

"Ukawadziwa, woweruza wachizungu adzamvera loya wakuda?"

Pochoka anandigwira paphewa, mawu atatsika: "Mkazi wako waika ana awiri. Uziganizirenso zimenezo."

Ngati sindiziganizira.

Loweruka, 9 Juni

Alesi wadziwa. Anamva kwa a Vailet, akazi a amalume, kumtsinje akuchapa. Sanakalipe. Anayanika zovala zonse kaye, kenako anadzakhala pambali panga pakhonde.

"Zoti mwamuna wanga akupita kutsidya kwa nyanja, ndikamvere pamwala wochapira?"

Ndinapepesa. Ndinati ndimafuna ndiyambe ndaganiza.

"Mumaopa kuti ndikukanizani, kapena kuti ndikulolani?"

Mpaka pano sindikudziwa. Anafunsa ngati ku Bombay kuli kutali kuposa ku Joni. Ndinati sitima ya pamtunda kuchokera ku Luchenza mpaka ku Beira, kenako ya pamadzi masabata angapo. Anangoti, "Ooh." Anandichotsa kaudzu pakolala, n'kulowa m'nyumba.

Lamulungu, 10 Juni

Kutchalitchi sindinamve kanthu. Ndimangomuyang'ana kumbali ya amayi, akuimba dzanja lili pamimba.

Woyamba uja anakhala masiku atatu. Wachiwiri sanalire n'komwe. Maulendo onse awiri ndinalipo, ndipo ndine ndinkamumwetsa Alesi phala ndi sipuni atakana wina aliyense. Nanga zitachitikanso ine ndili m'kalasi, ndikulemba manotsi, nkhani n'kudzandipeza patatha mwezi?

Ndalemba kalata yokana. Chizungu chake chabwino kwambiri. Ndikaiponya Lachisanu.

Lachiwiri, 12 Juni

Tsiku loipa. Bwana Manijala anaitanitsa a Muhiwa, nkhalamba ya kutsidya kwa damu. Ana awo anapita ku Halale, palibe wowagwirira thangata, ndiye awapatsa notisi yochoka pamalo a esiteti. Womasulira ndinali ine, chifukwa iwo amamva bwino Chilomwe chokha.

Anavula chipewa, anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa za mapeyala amene anabzala tiyi wa kumeneko asanabzalidwe, ndi za manda a akazi awo. Bwana anati lamulo silinena za mitengo kapena manda. Ndinamasulira.

A Muhiwa sanayang'anenso Bwana. Anayang'ana ine.

"Iwe mwana wa Teleza, unapita kusukulu. Lamulolo likuterodi?"

Ndinati, "Sindikudziwa, agogo."

Bwana anafunsa zimene akunena. Ndinati akutsanzika. Iwo potuluka anandisisita dzanja ngati wofunika kupepesedwa ndine. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikumasulira mawu oti lamulo pa tebulo limenelo, ndipo bukhu lake sindinaliwonepo ngakhale chikuto.

Lachitatu, 13 Juni

Ndamufotokozera Alesi za a Muhiwa. Amasenda chinangwa, anasiya.

"Mukapita, iwo sachoka?"

"Achokabe."

"Nanga phindu lake?"

Ndinati mwina kwa ena amene adzapatsidwe notisi m'tsogolo. Mwinanso ayi. Mwina ndidzabwera ndi pepala, amalume n'kukhala kuti ananena zoona. Anatola mpeni n'kupitiriza. Patapita nthawi anati a Muhiwa ankawapatsa mapeyala iye ndi ang'ono ake akamabwera kudzatchola tiyi ndi amayi awo.

Lachisanu, 15 Juni

Ndinapita kuboma ndi mapepala a ofesi. Positi ofesi ndinaidutsa kawiri. Kalata ndabwera nayo.

Loweruka, 16 Juni

Alesi wapita kwawo ku Khonjeni, akuti wawasowa amayi ake. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu. M'nyumba muli zii. Ndapsereza nyemba.

Lachiwiri, 19 Juni

Wabwera dzulo, ndi apongozi omwe, a Magdalena. Ndinadzidzimuka kuwapeza atakhala pamphasa, ine nsapato zili matope okhaokha. Sitinayankhulanepo nkhani yaitali chikwatirire. Anayankhula akuyang'ana kumbali, mwaulemu wawo uja.

"Bambo, mwana wangayu adzachirira kwathu. Azilongo ake alipo, ine ndilipo, chipatala cha mishoni tidzapita naye nthawi isanakwane. Awiri aja inu munalipo, anapitabe. Simunalakwe ndinu, ndipo woletsa simukanakhala inu."

Ndinangoti zikomo amayi.

Lero m'mawa apongozi atapita kukasamba, Alesi anandipatsa tiyi n'kuima pakhomo.

"Sindikukuuzani kuti mupite. Ine sindikufuna mupite, mudziwe zimenezo. Ndidzalira, ndipo masiku ena ndidzakukwiyirani. Koma mukakhala, mukhale chifukwa mwafuna nokha. Musadzamuuze mwanayu kuti munalephera chifukwa cha amayi ake."

Ndinamufunsa ngati akuopa.

"Kwambiri," anatero. "Imwani, tiyi akuzizira."

Lachitatu, 20 Juni

Kuntchito ndalakwitsa mayina atatu pa ndandanda wa otchola. Fodya sindisuta, koma lero ndinapempha ndudu kwa mlonda. Ndinatsokomola mpaka misozi, iye kuseka.

Lachisanu, 22 Juni

Ndaponya. Yovomera. Chizungu chake sichinakome ngati cha inayo, ndinafufuta pawiri. Itagwera m'bokosi ndinakhala pasitepe ya positi ofesi kanthawi ndithu.

Amalume ndawauza pobwerera. Anati, "Kumeneko kukazizira ngati kuno?" Ndinati ndamva kuti n'kotentha. "Ndiye bwino, chifuwa chako chija."

Ndafika kunyumba dzuwa likadalipo. Ndinapeza Alesi pakhonde ali ndi sileti ndi choko, wabwereka kwa akazi a aphunzitsi. Sukulu iye analekeza chaka choyamba.

"Mwaponya?"

"Ndaponya."

Anagwedeza mutu, anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, n'kusendera kuti ndikhale.

"Ndiye mundiphunzitse. Tatsala ndi miyezi iwiri. Sindikufuna aphunzitsi azindilembera makalata, azimva zimene ndikuuza mwamuna wanga."

Ndinafunsa tiyambe ndi chiyani. Anati dzina langa.

Ndinamugwira dzanja, tinalemba limodzi katatu. Kachinayi anandikankha, analemba yekha, lilime lili panja. G wake wayang'ana kumbuyo. Anandifunsa ngati zili bwino.

Ndinati ndidzaliwerenga.