Ulendo Wokatenga Vendo

Košice, Lachiwiri

Okondedwa achimwene Laco,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Beata ndi ana. Nanga msana uja unaleka kuvuta? Ku Winnipeg kwanuko ndikudziwa kuti chisanu chafika poipa. Kuno nakonso misewu ikuterera, anthu akungogwa. Ine thupi lili bwino. Amayi ali choncho, mtima wawo uja ngofunika kuunyengerera.

Kalatayi ndikulembera kuntchito ndipo ndiitumiza pa kompyuta, chifukwa kunyumba sindingayankhule pa foni. Makutu a amayi mukuwadziwa, amamva ngakhale ali kubafa.

Khalani pansi, achimwene. Vendo watisiya.

Munamva kale kuti mng'ono wanuyo anaterereka pa makwerero achitsulo kudoko la ku Rotterdam kumene ankagwira ntchito, n'kumenyetsa mutu. Tonse tinkati achira. Lamlungu masana ndili m'sitolo, nesi wa kuchipatalako anandiimbira. Anati wapita osatsitsimuka n'komwe. Ndinangoti zikomo, n'kupitiriza kusankha kabichi. Misozi inabwera ndili kale panja.

Amayi sakudziwa.

Musafulumire kundikalipira. Tsiku limene anamva za kugwako anakomoka m'khitchini. Dokotala wawo anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndege asakwere, ndiponso nkhani zoopsa zisawafike mwadzidzidzi. Amayi atadzuka anati ngati ndege yakanika, sitima ilipo, mwana wawo sangagone yekha pakati pa anthu osamva chiyankhulo chake.

Ndiye sabata yatha yonse takhala tikukonza ulendo. Anayala mapu akale a malemu bambo pathebulo, n'kumatsata njanji ndi chala. Tinyamuka Lachisanu kupita ku Prague, kumene tikagone kwa azakhali a Božena. Loweruka tilowera ku Berlin. Kukacha tikwera ya ku Amsterdam, kenako ina yaifupi mpaka ku Rotterdam. Ndinawauza kuti masitima nyengo ino amachedwa, nthawi zina amaima pathengo chipale chofewa chikatseka njanji. Anati iwo anabereka Vendo usiku wozizira kuposa pamenepa, ndisawaopseze.

Achimwene, mukanaona mmene akukonzekera. Aphika mkate wotsekemera wa mtedza uja Vendo amaukonda. Agula soseji yowamba kwa a Hudák ogulitsa nyama aja, n'kuwauza kuti ndi ya wodwala, asankhe yabwino. Anamulukira chipewa chaubweya, kenako anakumbukira mabandeji. Anachimasula chonse n'kuyamba china chachikulu. Mpaka pano akuluka.

Dzulo ndinayesa. Ndinakhala pambali pawo n'kunena kuti, "Amayi, za Vendo zija…"

Sanandilole kumaliza. Anati, "Iwe Zdenka, nkhope imeneyo usakaionetse kuchipatala, ungakandiphere mwana. Kuyambira uli kamwana umalira maliro mwiniwake akupuma." Anaseka. Ine ndinaseka nawo, kenako ndinathawira kubafa n'kutsegula mpopi.

Mmawa uno anandituma kusiteshoni. Anati pobwerera tidzakhala atatu, ndipo Vendo ndimugulire mpando wa pazenera woyang'ana kutsogolo, chifukwa akakhala chafutambuyo amachita nseru. Ndinaima pamzere ndikudziuza kuti ndigula awiri basi. Mayi wogulitsa atandifunsa kuti angati, pakamwa panga panatuluka atatu. Ndinawopa kuti amayi akawerenga. Matikitiwo ali m'thumba langa pano ndikulemba.

Akuchipatala akuti thupi alisunga mpaka wachibale afike. Kupita tipitabe, ndipo ndikudziwa kuti amayi ngakhale atamva lero sangalole kutsala. Koma sindikufuna akamvere pakhomo la chipatala, kwa mlendo, kudzera mwa womasulira. Kuwauza ndekha m'sitima, pakati pa nkhalango, dokotala kulibe, nakonso sindingathe. Azakhali a Božena ndi okalamba kuposa iwo, angogwera limodzi.

Chonde bwerani. Ndikudziwa kuti n'kutali, ndikudziwanso kuti inu ndi Vendo munasiyana musakuyankhulana bwino. Zimenezo zatha tsopano, palibenso wokangana naye. Kwerani ndege ya ku Berlin, mukatidikire pa siteshoni yaikulu Loweruka madzulo. Simufunika kukonza mawu. Akakangokuonani mutaima pamenepo adziwa okha, chifukwa munthu sachoka ku Canada kudzazonda wodwala amene akuchira. Ndikungofuna kuti pa nthawi imeneyo tikhale awiri owagwira, wina mbali iyi wina mbali inayo.

Mundiyankhe pa kompyuta pomwepa, kunyumba musaimbe. Ana musawauze kaye, paja amakonda kuimbira agogo awo, ndipo Katka sasunga kanthu m'kamwa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndapepesa powalanda mwamuna nyengo yoipa ngati ino. Mulungu akusungeni panjira.

Ndine mlongo wanu,
Zdenka