Uthenga Umene Tinabisira Wodwala Chiwindi

Lolemba, 9 Juni

Mng'ono wanga wagonekedwanso m'chipatala. Maso ndi achikasu, mimba yatupa. Dokotala, mayi wolankhula mwachifatse, anatiitanira mu ofesi yake, ine ndi mlamu wanga, mkazi wa wodwalayo. Anati chiwindi chadzaza zipsera chifukwa cha kachilombo kamene kakhala m'thupi kwa zaka zambiri, ndipo mbali yotsala ikuyesetsa kudzikonza. Ndinafunsa ngati pali china chochulukitsa zipserazo. Anayankha kuti chiwindi chili ndi mitsempha yolandira mauthenga ochokera ku ubongo. Ina imadzuka munthu akachita mantha kapena akakhala ndi nkhawa, ndipo ofufuza aona kuti imatha kulimbikitsa maselo opanga zipsera. Ina ndi yofatsitsa thupi, ndipo ikuoneka kuti imathandiza chiwindi kuphukanso.

Pa zonsezi, mlamu anatolapo mawu amodzi okha: nkhawa.

Lachiwiri, 10 Juni

Mlamu walanda foni ndi wailesi ya wodwala. Aliyense wolowa m'wodi akumulangiza pakhomo zoyenera kunena. Mng'ono wanga atandiona anati, "A Kalaliki, inu ndinu a ku khoti. Tandiuzani mlandu umene ndamangidwira." Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke.

Lachitatu, 11 Juni

Amayi atisiya lero masana.

Lachinayi, 12 Juni

Tinakhala pansi m'chipinda chochezera cha amayi, mipando itatulutsidwa kale. Mlamu anapempha kuti mwamuna wake asauzidwe kufikira atapeza bwino, ndipo amalume anavomereza. Ine, amene ntchito yanga ndi kusunga zolembedwa za milandu monga zinanenedwera, osachotsa kapena kuwonjezera liwu, ndinavomerezanso.

Madzulo wodwala anafunsa chifukwa chimene amayi sakubwerera kudzamuona. Ndinati mawondo akuwavuta. Iye anati, "Muwauze asalimbane ndi masitepe a kuno. Ndikatuluka ndikawaona ndekha." Ndinamuthirira madzi m'kapu kuti ndisamuyang'ane kumaso.

Lachisanu, 13 Juni

Ndinadikira dokotala m'khonde ndi kumufotokozera zimene tachita. Anavula magalasi n'kugwira pamphumi.

"Bambo, sindinanene kuti mumubisire zinthu. Zambiri za kafukufukuyo zachitika pa mbewa. Sindingalonjeze kuti uthengawo sumufooketsa, koma zipsera zimene zatenga zaka sizingafufutike chifukwa choti mwakhala chete sabata imodzi."

Ndinafunsa ngati pali tsiku limene adzakhale atapeza bwino kuposa lero. Anati sakuyembekezera zimenezo.

Ndinauza mlamu zonsezi pabwalo loimikapo magalimoto. Sanalire. Anati, "Alamu, amayi anu apita kale, palibe chimene mungawawonjezere. Wanga akupumabe. Akagwa ndi uthenga wanuwo, mudzandiyang'ana ndi maso ati?"

Iye ndiye amamusambitsa ndi kumutembenuza, ine ndimangofika ndi zipatso. Koma mwambo woika maliro ndi mawa, ndipo munthu saika mayi ake kawiri.

Loweruka, 14 Juni

Ndinafika m'wodi m'mawa nditavala suti yakuda. Mlamu anali kumupukuta kumaso. Atandiona anaima, thaulo lili m'manja.

"A Kalaliki, khoti yayamba kugwira Loweruka?" anatero mng'ono wanga.

Ndinakhala pamphepete pa bedi ndi kunena monga mmene zilili. Amayi anamwalira Lachitatu masana. Sanavutike nthawi yaitali. Tikuwaika lero. Za mawondo zija zinali bodza langa.

Anayang'ana mkazi wake, mkaziyo anayang'ana pansi. Wodwala wa bedi loyandikana anatembenukira kukhoma. Ndinayembekezera kuti akomoka kapena anditukwana, koma sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anakankha bulangeti, natsitsa miyendo pang'onopang'ono. Mapazi ndi otupa kwambiri. Anayesa nsapato zake, koma zinakana.

"Achimwene, ndibwerekeni zanu."

Ndinavula ndi kumuveka, zingwe zosamanga.

Dokotala walola kuti wodwala atuluke ndi kubwerera madzulo, pampando wamatayala. Mlamu sanandilankhule chiyambire. Wapita kukaitana namwino kuti adzachotse diripu. Ine ndikulemba izi pabenchi ya m'khonde, nditavala masokosi okha.