Masamba Omwe Achemwali Anadumpha

Lachiwiri

Achemwali, 10:14
mai andiimbira akulira, akuti ndawavula pagulu. iwe ukuwawerengera chani?

Mzime, 10:31
buku lanu lomwelo. anandipempha okha, si maso aja saonanso

Achemwali, 10:32
za nsimbi mulibemo m'bukumo. ndinangolemba kt mai otipeza anali ovuta, basi

Mzime, 10:33
ovuta kkkk. ovuta ndi landlord. ine dzanja lomwe anandiotcha ndi nsimbiyo silitambasuka mpaka lero, ndinali ndi zaka 6 achemwali

Mzime, 10:35
nde ndikafika pomwe munadumpha ndimaikamo ndekha. ndimatembenuza ndi page yomwe kt amve pepala likulira

Achemwali, 10:36
akuganiza kt dziko lonse likuwerenga zimenezo??

Mzime, 10:36
eya. ndawauza kt ma copy akutha ngati ndiwo

Achemwali, 10:52
[voice note 2:47]

Mzime, 11:20
ndamvera. inu munakhululuka muli ku boarding, mukugona pa matiresi. amene amawasambitsa pano ndi dzanja lomwelo ndine

Lachinayi

Achemwali, 08:05
aneba akuti mai sakudya, olo pakhonde sakutuluka. BP ija ikawagwetsa udzatani?

Achemwali, 08:40
auze zoona plz

Achemwali, 13:12
ukuwerenga koma sukuyankha

Mzime, 15:48
ndimaphika. mbale ndimaika pompo, palibe wawabisira. lero ndi chapter ya store room

Achemwali, 15:49
chapter imeneyo kulibe. usiye, ndakupempha

Achemwali, 15:50
[missed call]

Mzime, 17:02
ndawerenga. ndinati anatitsekera masiku awiri opanda madzi chifukwa cha cup yosweka ija

Achemwali, 17:03
akana ngati kale? kt tinali ana, tinkalota?

Mzime, 17:09
ayi. andigwira mkono nkundiimitsa

Mzime, 17:10
akuti mkulu wako walakwitsa pamenepo. anali masiku atatu. ndipo cup sinasweke, inangogwa

Mzime, 17:11
zaka 30 akutinena abodza kwa adad mpaka adad kulowa m'manda. kodi amakumbukira zonse, ndi mtundu wa cup omwe

Mzime, 17:26
achemwali?

Mzime, 18:15
mwakhala chete bwanji

Lachisanu

Achemwali, 06:40
sindinaiwale kt anali atatu. ndinkaopa kt ndikalemba palibe angakhulupirire

Achemwali, 06:44
mawa ndikubwera ndi recorder. usawauze. uyambirenso page 1