Ufa Wotsukira Mbale Wauma Gwa

Wokondedwa mwana wanga,

Uli bwanji kumeneko? Nanga mkamwini wanga ndi adzukulu anga atatuwo? Chifuwa cha wamng'onoyo chinatha? Ine ndilipo, kupatula bondo lakumanzere limene layambiranso mwano.

Ndamva zoti ukufuna kunditumizira sopo wa m'sitolo wa makina otsukira mbale aja unatigulira. Usavutike. Ndimapangabe ndekha, ndipo muyeso sunasinthe: makapu awiri a soda wochapira, kapu imodzi ya mchere, theka la kapu ya ufa wowawasa wa mandimu. Potsuka, supuni imodzi yosalaza bwino.

Koma ufawo wayamba kundiumira m'botolo, gwa ngati simenti. Amake Mapasa a khomo loyandikanali anandipeza ndikuugumula ndi mpeni, nandifunsa ngati ndayamba ntchito yoswa miyala pa ukalamba uno. Anati vuto ndi chinyezi, ndimange mpunga wosaphika m'sokosi ndiponyemo. Ndinatero. Unaumabe.

Ndiye ndinakhala pansi kuwerengera. Makina aja amalowa mbale khumi ndi ziwiri, ndipo ukundidziwa, sindiyatsa asanadzaze. Bambo ako ali moyo, tiyi mmodzi ankadetsera makapu atatu. Ina ankaiwala pawindo, ina pansi pa mpando, yachitatu n'kumandifunsa ine kuti ndaibisa kuti. Ndinkalalata, iwo n'kumati akupatsa makina ntchito. Botolo linkatha lisanaganize n'komwe zouma.

Lero ndi mbale imodzi, kapu imodzi, supuni imodzi. Ufa sunalakwe, mwana wanga. Ukungosowa ntchito.

Ndinachepetsa muyeso ndi theka. Kenako theka la thekalo. Unauma ndithu.

Tsono usandiseke. Dzana ndinatulutsa mbale zotsuka kale m'kabati, ngakhale ija yobenthuka imene unkaikanirira uli mwana, ndi kuzindandalika m'makina mpaka kudzaza. Ine amene ndinkakukalipira ukasiya mpope ukudontha! Ndinayatsa, n'kukhala pampando wa kukhitchini kumvetsera madzi akuwomba mbale. M'nyumba munamveka ngati anthu angomaliza kudya ndipo apita kukacheza pabalaza.

Amake Mapasa anamva phokosolo kuseri kwa khoma. Anabwera akupukuta manja, nafunsa ngati kwafika alendo osawadziwitsa. Ndinawayankha kuti sanafike, koma akubwera.

Iwe mwana wanga, usandisandutse wabodza.

Ndikudziwa chimene sunabwerere chichitikire maliro. Unati sungapirire kuona mpando wa bambo ako uli wopanda munthu. Sindikukuimba mlandu. Inenso ndinkauzungulira ngati chitsime. Mapasa a khomo loyandikanali andithandiza kuusunthira kuchipinda, ndipo pansi pake tinapeza kapu ina ya tiyi, yachikasu ija ndinkati inasweka. Ndinaseka mpaka kulira. Makapu akwananso asanu ndi atatu.

M'mawa uno ndasakaniza ufa watsopano, muyeso wathunthu, wa nyumba ya anthu. Ndaphwanya timibulu tonse ndi foloko, ndatseka botolo zolimba. Ufa umenewu suchedwa kuuma. Sukulu zikatsekera, bwerani nonse asanu usanaume. Sopo wa m'sitoloyo msiye, undibweretsere odetsa mbale.

Mulungu akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa mkamwini ndi kwa apongozi ako. Adzukuluwo uwauze kuti kwa agogo aliyense ndi wololedwa makapu atatu, ndipo sindiwerenga.

Ndine,
Mayi ako