Chala Chozizira cha Mayi Annelies

Lolemba, 10 Juni

Chisanu cha Cusco, kuno ku Peru, chafika poluma. Dalaivala wa kuhotela watibweretsera kuchipatala kuno mzungu wina, Mayi Annelies a ku Belgium, zaka 67, opuma pantchito ya positi. Mutu, kusanza pang'ono. Soroche basi, matenda a aliyense wongofika kumene kumapiri kuno. Tiyi wa masamba a koka ndi tulo zikanakwana. Koma a Dokotala Zegarra: diripi, okosijeni, chipinda nambala 4. Madola 900 pa tsiku. Ine malipiro a mwezi wathunthu masole 1,600, osafika ngakhale madola 500.

Lachiwiri, 11 Juni

Lamulo lathu la masiku onse: kuyeza mpweya wa m'magazi 6 koloko m'mawa, tisanayatse chotenthetsera chipinda. Chala chikazizira, kachipangizo kopana pachala kamaonetsa nambala yotsika. Ikapanda kufika 85, wodwala satuluka. Lero 82. Ndalemba.

Kadzutsa mayiwo aseseratu mbale, mpaka kupempha buledi wina. Wodwala wanji ameneyu?

Ndinadandaulira Maruja, namwino mnzanga. Iye: "Iwe Yovana, mbuzi imadya pomwe aimangirira. Kapena ukufuna uzikagulitsa chimanga chophika kumsika?"

Lachinayi, 13 Juni

A inshulansi akana kulipira kupyola masiku atatu. Mayiwo apereka khadi lawo la kubanki. Pasipoti ili m'kabati ya a Dokotala, ati kuopa ingasowe. Ndege yawo ndi Loweruka.

Andifunsa m'Chisipanishi chawo chothyokathyoka: "Mwananga, kodi ndifa?" Ndinangowakonzera diripi n'kutuluka. Zaka zinayi ndikuchita zimenezi, palibe anandifunsapo chotero. Ndili ndi manyazi, ndipo ndikudzida.

Lendi pa 30. Mankhwala a shuga a bambo anga atsala a masiku asanu.

Lachisanu, 14 Juni

Ndinalowa isanakwane 6, kapu ya tiyi wotentha m'manja. Ndinawauza aigwire ndi manja onse awiri, asamwe kaye. Mphindi khumi. 93! Ndalemba ndi inki, iwo ajambula ndi foni. Kenaka ndawanong'oneza zonse za chala chozizira. Pakamwa pangapa padzandiphetsa.

A Dokotala ataona pepala anangomwetulira. "Achira msanga, eti Yovanita?" Pasipoti abweza okha, mpaka kuwaperekeza pakhomo. Bola akanandikalipira.

Lachitatu, 3 Julayi

Milungu yoposa iwiri zii. Lero kwabwera amuna awiri a majekete, ofufuza otumidwa ndi a inshulansi. Mayi Annelies atafika kwawo anakadandaula. Sindingawade, analondola.

Mafayilo a zaka zinayi mbwee patebulo. A Dokotala akuwathirira khofi alendowo, uku akupukusa mutu ngati ali pamaliro: "Mabwana, ine ndimakhulupirira anamwino anga. Sindinayezepo wodwala ndi dzanja langali."

Sananame. Tsamba lililonse 82, 81, 83, ndipo pansi pake siginecha yanga, Y. Huallpa. Maruja wadwala mwadzidzidzi, foni yake siikupezeka.

Ofufuzawo akuti ndikaonekere kwa iwo mawa 8 koloko, nditenge chiphaso changa cha unamwino. Ndikanene kuti a Dokotala ankandituma? Analemba pati? Zonse zinali zapakamwa, m'khonde, pomwa tiyi.

Bambo sindinawauze. Akuitana kuchipinda kwawo, akufunsa ngati ndagula mankhwala awo a shuga.