Akuti Ziboliboli Zinali Zosasamalidwa

Lachinayi. Kwazizira, ndipo mtima wanga suli bwino.

Kwabwera kabuku ka pachaka ka ku yunivesite, kochokera ku dipatimenti ya zakale za Agiriki ndi Aroma, kumene malemu akazi anga, mayi a Tadala, ankasesa ndi kukolopa. Pa envulopu pali dzina lawo. Miyezi isanu ndi iwiri chiwaikire m'manda, palibe amene wauza kompyuta yawo kuti anamwalira.

Ndawerenga konse. Alemba aphunzitsi awiri atsopano. Ophunzira anapita ku Italy kukakumba mapale. Pulofesa wina amene anapuma kalekale wamwalira, amupatsa masamba awiri ndi chithunzi. Za mayi a Tadala palibe.

Zimenezo ndikanapirira. Chandibaya ndi tsamba lomaliza. Akuti ziboliboli za m'khonde zatsukidwa ndi akatswiri patatha zaka zambiri zili zosasamalidwa. Zosasamalidwa! Mayi aja ankakwera basi yoyamba ya kuno ku Wigston kumene timakhala kukazipukuta ndi kaburashi kogula okha, poti anawaletsa kuzikhudza ndi madzi. Ankazitchula azibambo opanda mphuno. Pamaliro sipanabwere ngakhale mmodzi kudzakhala nafe pansi. Anatumiza khadi.

Ndamuimbira Tadala ku Loughborough. Akuti, "Adadi, ingokaponyani mu bini, anthu amenewo saganiza." Ndati amaganiza kwambiri, mwanangu, koma za anthu amene anafa zaka zikwi ziwiri zapitazo.

Sindinataye. Alembamo kuti amene ali ndi nkhani ya chaka chamawa atumize. Chingerezi changa ndi cha Fomu 2, akafuna kuseka aseke. Ndatenga pepala, ndalemba mizere itatu ya za mayi a Tadala, ndiye mwina mawa ndikaweruka ndipitiriza.